Mapazi a ku Thyolo

Pakhomo pathu pakomboni panali kathabwa kochokera pa bokosi la tiyi, ndipo pamenepo amalume analemba ndi makala nambala iyi: 999,983. Anati ndi mapazi ochokera pakhomopo, m'chigwa cha Honde m'dziko la eni, kukafika ku Thyolo kumene anabadwira. Anachokako ali woberekedwa kumbuyo, koma ankakusimba ngati abwerako dzulo.

Inali holide ya Disembala, ine ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mvula inkagwa mosalekeza, tiyi akuphukira kuposa manja a othyola. Amayi ankabwera madzulo dengu lili kumsana, zala zitachita makwinya, zovala zikununkha masamba aawisi. Amalume ankagwira ntchito pasikelo yoyezera masambawo, ndipo masamu ankawakonda ngati nyama.

Ndinawavutitsa kuti anditengere kwathuko, mpaka anandipatsa lamulo. “Upeze masiku oti tiziyenda mapazi ofanana tsiku lililonse, osatsala ngakhale limodzi. Ukawapeza, mawa lake tinyamuka.”

Ndinati zimenezo n'zophweka. Ndinayesa masiku awiri, linatsala phazi limodzi. Masiku atatu, anatsala awiri. Sabata yathunthu, anatsala asanu. Kope litadzaza ndinayamba kulemba pa masamba a nthochi ndi kamtengo, kenako pansi pakhonde, nkhuku zikundifufutira mayankho. Anzanga ankapita kukasambira kumtsinje, ine ndili gwa ndi masiku 31, amene anandisiyira mapazi 16. Ndinali nditamanga kale kamtolo kanga: diresi la kutchalitchi ndi mapatapata.

Amayi sankasangalala nazo. “Achimwene, siyai mwana,” ankatero, kenako Chishona n'kuwatulukira chifukwa cha mkwiyo. Amalume ankangoseka. Lero ndimati amayi ankanena zoona, komabe sindinasangalalepo ndi holide ina ngati imeneyo. Nambala iliyonse yatsopano inali ngati basi yoima pa siteji ya Hauna, yoti mwina ndi yathu.

Sukulu itatsegulidwa ndinali nditafika pa masiku 200 ndi kena. Ndinawaonetsa nambalayo aphunzitsi a masamu. Anapita nayo kwawo, ndipo patapita masiku anandiitana. Anati nambalayo ndi ya mtundu wosagawika: imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi, ndipo pa nambala zotere zosafika miliyoni, yaikulu ndi imeneyi. “Kaya muyende ulendo wonse tsiku limodzi, kaya phazi limodzi patsiku,” anatero. “Wakupatsayu amadziwa chimene akuchita.”

Mawu omalizawo sindinawamve. Ndinangomva kuti ndalephera. Ndinathamangira kusikelo, ndinawapeza amalume akupachika dengu, ndipo ndinagwada m'matope pamaso pa othyola onse. Ndinati andikhululukire, ndawalepheretsa kupita kwawo.

Patapita zaka, amalume anagona m'manda a pa esiteti pomwepo, Thyolo osamuonanso. Nditakula amayi anandiuza kuti analibe chitupa cha dziko lililonse, ndipo makalata awo opita kumudzi anasiya kuyankhidwa ine ndisanabadwe. Ndimawasowa kwambiri, iwo ndi bodza lawo lomwe.

Koma tsiku lija sindinkadziwa zimenezi. Amalume anandidzutsa m'matopemo, n'kutembenukira kuphiri, mapewa akugwedezeka, mzere wa madengu ukudikira. Ine ndinaganiza kuti akulira chifukwa mwana wa mlongo wawo ndi mbuli pa masamu, ndipo ndinawalonjeza kuti holide ikubwerayi ndidzayambiranso pa 2.