Ola Limene New York Inandipatsa

Anzanga, Evodia ndinakumana naye pa kibanda chotchajira mafoni, kumtunda kwa stendi ya mabasi ya Mbamba Bay. Ndinali Form Three. Iye anali atamaliza Form Four, akuthandiza achimwene ake pakibandapo.

Ine si munthu wa magulu. Kusukulu ndimakhala kumbuyo, ndimangoyang'ana. Tsiku limenelo amayi anandiimbira foni ikadali pa chaja, ndinawayankha m'Chichewa. Nditadula, mtsikana uja anali akundiyang'ana.

"Kodi ndiwe wakwathu? Ndiye umangokhala duu ngati sumva?"

Amayi ake ndi a ku Likoma, bambo anga ndi a ku Nkhotakota. Kuno kumsika ndi kusukulu n'Chiswahili chokhachokha, ndiye kumva Chichewa pakamwa pa munthu wa msinkhu wanga kunandimasula lilime.

Anandionetsa app ina m'foni mwake, yophunzirira kugula ndi kugulitsa masheya. Zinali za demo, zongoyeserera. Chimene chinkamuvuta n'chakuti misika yake imatsegula nthawi zosiyanasiyana, dziko lililonse ndi wotchi yake.

"Akuti umakhoza Geography. London imatsegula nthawi yanji kuno?"

Sindinkadziwa. Ndinapita kukaphunzira.

Patapita sabata ndinali nditaloweza zonse. Tokyo imatsegula asodzi akadali panyanja ndi nyale zawo. London imatsegula ife tili pa break. New York imatsegula hafu folo madzulo, m'Chiswahili amati saa kumi na nusu. Loweruka ndi Lamlungu yonse imagona.

Ndinkabisa foni mu sokosi. Break ikakwana ndinkapita kuseri kwa zimbudzi n'kumulembera kuti, "London yatsegula." Iye ankayankha, "Nane ndatsegula, Professor." Ndiwo unali moni wathu.

Ndikaweruka ndinkathamangira kukibanda. Tinkagawana chinangwa chokazinga, iye akundiseka makutu. Tsiku lina anandigwira dzanja pansi pa tebulo la machaja, osalisiya mpaka kasitomala atabwera...

Koma hafu folo ikakwana ankaimirira. Ankati New York sifuna phokoso, akupita kwa msuweni wake kumene network imagwira bwino. Achimwene ake ankalowa pakibanda, ine n'kumapita kwathu. Sindinadandaulepo. Ndinkanyadira kuti ndili ndi mtsikana wothamangira msika wa ku America.

Pali chinthu china chimene ndinachipeza ndikuwerenga. Azungu amasuntha wotchi. Kuzizira kukamayamba kwawo amabweza ola limodzi m'mbuyo. Ife kuno sitisuntha kalikonse, ndiye misika yawo imayamba kutsegula mochedwa pa wotchi yathu.

London inayamba kusintha kumapeto kwa October. Uthenga wanga unayamba kupita mochedwa, ndikuulembera pansi pa desiki. Evodia sanafunse chifukwa. Ndinaona, koma sindinaganize kanthu.

Kenako inali New York, kumayambiriro kwa November. Kuchoka hafu folo kupita hafu faifi. Anzanga, ndinasangalala! Ola lathunthu laulere, tsiku lililonse, ine ndi iye. Sindinamuuze. Ndinkafuna ayang'ane foni, apeze msika uli wotseka, akhalenso pansi, tiseke.

Lolemba lake ndinagula soda ziwiri.

Hafu folo itakwana anaimirira, osayang'ana n'komwe foni.

"New York yatsegula, Professor. Mawa."

Soda yake inatsala theka.

Mawa lake ndinamufunsa kuti msika unayenda bwanji dzulo. Anati unali wa moto, anangofika kwa msuweni n'kupeza zinthu zikukwera kale. Ndinagwedeza mutu. Sabata yonse ndinkafunsa, sabata yonse ankayankha, ndipo ankafotokoza bwino kwambiri.

Lachisanu sindinapite kwathu. Ndinamusiya atsogole, ndinatsikira kustendi n'kuima kuseri kwa amayi ogulitsa nthochi.

Basi yochokera ku Mbinga inalowa. Kondakita wake, Januari, mnyamata wa jekete yofiira amene aliyense pastendi amamudziwa, anadumpha basi isanaime. Evodia anali akudikira ndi madzi ozizira m'manja. Januari anamwa, n'kumupukuta fumbi patsaya ndi chala. Zinkaoneka kuti anazolowerana kalekale.

Basi ya ku Mbinga sisuntha wotchi.

Ndinkaganiza kuti ndilira kapena ndikwiya. Palibe. Ndinangoona kuti tayala lakumbuyo la basiyo linali lakutha. Ndinagula nthochi, ndinapita kwathu, ndinachita homework.

Lolemba ataimiriranso, ndinalankhula.

"Evodia, New York sinatsegule. Anasintha nthawi. Ndi hafu faifi tsopano."

Anaseka, akuyesa nthabwala. Ataona nkhope yanga anasiya.

"Kuyambira liti?"

"Sabata yatha."

Anayamba kukulunga waya wa chaja pachala. Kenako anati app ija anaifufuta mu August, inkamudyera bando la intaneti.

"Nanga bwanji unkandisiya ndizikulembera za London?"

"Unkasangalala nazo, Efraimu. Ukamakamba za misika ija ndi pokhapo pamene umalankhula. Ndikanakuuza bwanji?"

Ananditchula mdogo wangu, mng'ono wake. Anati ndisamuganizire zoipa. Uku akulankhula, maso ake anali kumsewu wa ku Mbinga.

Ndinamuuza kuti apite, angachedwe. Anapitadi.

Foni tsopano ndimatchajira kwa aneba. Amayi anandifunsa ngati ndikudwala, ndinati ayi, ndipo sindinaname. Ndimadya, ndimagona, mayeso ndinakhoza.

Anzanga, munthu akakuuzani kumene amapita, musathamangire kuloweza nthawi ya kumeneko musanaone ngati amafikako.

Mwezi uno wa March azungu asunthanso wotchi. New York yabwerera pa hafu folo. Evodia akaimirira pakibanda paja, bodza lake likugwirizananso ndi nthawi.

Ndine ndekha m'Mbamba Bay muno amene ndikudziwa zimenezo, ndipo ndilibe womuuza.