Anamaswiti ndi Madala Awo Oletsedwa Shuga

Amene amati maswiti onse ndi amodzimodzi abwere adzanene pamaso panga. Zam'mapepala onyezimira zija, zomata m'mano ngati phula, musanditchulire n'komwe. Maswiti enieni ndi a Anamaswiti, pakashopu kam'mbali mwa msewu kaja, kamene chitseko chake chimafuna phewa kuti chitseguke. Ine ndinakulira pamenepo, ndipo mpaka lero ndikamadutsa ndi lole ndimaima, abwana kaya akalipa pafoni, zawo zimenezo.

Anamaswiti ndi mayi wamfupi, mikono ngati womanga nyumba. Anakwatiwira m'shopumo ali mtsikana, ntchito n'kuiphunzira kwa apongozi awo. Kutsogolo kuli mabotolo agalasi ndi sikelo yokalamba, kuseri kuli mbaula, mpoto wakuda bii ndi tebulo la lata. Amawiritsa shuga ndi mandimu mpaka alende, n'kukhuthulira palatapo. Chiphalacho chikazizirako, anthu awiri amagwira uku ndi uku, kukoka, kupinda, kukokanso, mpaka chiyere mbuu. Ukazengereza chimauma gwa ngati mwala.

Tsono iwo ndi amuna awo, amene tonse timangoti Madala, amakoka monyozana. Wina akaponya mawu, akoka. Mnzake akabweza, apinda. Manja amatsatira pakamwa. Umu ndi mmene akhalira kuyambira ine ndisanamere mano.

Tsiku limenelo ndinapeza Madala atakhala pa kreti panja, atagwira tsaya, akuwerenga galimoto ndi maso.

"Madala, mwatani? Kwagwa maliro?"

"Andichotsa ntchito, mwanawe," anatero. "Adokotala akuti ndili ndi shuga. Mayi akowa akuti ndisapondenso kukhitchini mpaka imfa."

"Mumuuze zonse!" anakuwa Anamaswiti ali m'kati. "Mumuuze za maswiti amene ndinapeza m'chipewa chanucho! Munthu wamkulu, nyerere zikuyenda m'mutu!"

Madala anakonza chipewa chawo. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa mdala ameneyu khitchini ija ndiye moyo wake. Kumukhazika pa kreti n'kumuika m'manda ali maso.

Nditalowa ndinapeza mpongozi wawo akuzembera pakona. Mtsikanayo ndi waulemu wonyanya. Akanyozedwa amangoti, "Pepani amayi," manja n'kuima, chiphala n'kuuma. M'mabotolo munali timaswiti totuwa ngati sopo.

"Iwe wa lole, wabwera bwino," anatero Anamaswiti. "Pakamwa pako sipatsekeka chibadwire. Samba m'manja, paka mafuta, gwira uku."

Ndinagwira. Mayo ine! Chinthucho chimatentha ngati injini yokwera phiri.

"Koka, chimutu ngati tayala!"

Ndinakoka, koma ndibweze chiyani? Mayi amene ankandipatsa maswiti ophwanyika ndili kabudula wong'ambika?

"Bweza, iwe! Chikuuma!"

"Mayi, ine ulemu..."

"Ulemu wako ukaupatse apolisi apamsewu. Manja ngati nthochi zakupsa. N'chifukwa chake mkazi wako amakutuma kukagula tomato!"

Apo ndiye magazi anakwera. Ine nkhani ya kunyumba kwanga sindiseka nayo.

"Inu mayi inu!" ndinakuwa mpaka mabotolo ananjenjemera. "Kufupika konseku, nkhanza zimakwana pati? Mwathamangitsa mdala wosalakwa, mwatsala ndi mpoto wofanana nanu nkhope!"

Chitseko chinalira phwa! Madala atulukira, chipewa chili pambali, ndevu zikunjenjemera.

"Iwe mwana wopanda mwambo! Ukunena mkazi wa yani? Mpoto? Mkazi uyu ndinamukwatira ndine, womunyoza ndine ndekha. Choka apo!"

Anandikankha ndi chigongono, n'kulanda mbali yanga asanapake n'komwe mafuta. Anayang'ana akazi awo.

"Komatu mwanayu sananame kwenikweni. Kungoti mpoto uli ndi chivundikiro."

Anakoka.

"Atero ndani? Nkhalamba yobisa chakudya m'mutu ngati chitsiru!" Anamaswiti anapinda.

"Chitsiru chimenecho munachilola nokha, anthu akuona."

"Kunali mdima m'tchalitchimo."

Abale, mukanaona! Chiphala chija chinayamba kuuluka pakati pawo ngati chingwe cha ana osewera, chikuyera, chikunyezimira. Mpongozi anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Ine ndinali pakona kuuzira zala zanga zakupsa, ndikuyembekeza wondithokoza. Palibe anandiyang'ana.

Atamaliza anachiyala pa lata, Anamaswiti n'kuyamba kudula ndi sizasi yawo yaikulu, khapu khapu. Madala anaima chete pambali. Chete weniweni, tsaya limodzi litatupa.

"Bambo inu. Yasamulani."

Madala anapukusa mutu.

"Ndati yasamulani!"

Anawatchera dzanja pachibwano ngati mwana, siwiti n'kugwera m'manja mwawo. Mayiwo anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo atatulutsa mawu sanali okalipa.

"Mukufuna mundisiye ndizikoka ndi ndani? Ndi uyu wa lole?"

Madala anayang'ana pansi. "Ndiye ndibwerere pa kreti?"

"Pa kreti mukufa, muno mukuba," anatero Anamaswiti, akupukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Chabwino, khalani muno. Koma kuyambira polowa mpaka potuluka, pakamwa panu pazimveka mawu. Mukangoti zii, ndidziwa kuti mukutafuna, ndipo mutuluka ndi tsache."

"Ndiziyankhula chiyani tsiku lonse, mayi?"

"Zondinyoza zatha?"

"Aa, zimenezo ndiye zilipo zofika nazo kumanda."

Ndinagula paketi yanga ya maswiti a mandimu, n'kunyamuka. Ndikuliza injini, mawu a Madala ankamvekabe kuseri, akufotokoza za mapazi a akazi awo, chala chimodzichimodzi.