Nkhupakupa za Tofi Zinandigoneka M'chipatala

Chinayamba ndi mutu. Linali Lachiwiri, kumayambiriro kwa Novembala, dziko lino litangotha zaka ziwiri lili pa ufulu. Mutuwo unkawawa kuseri kwa maso, ndipo ndikawerama kuti ndisese ndinkachita chizungulire. Ndinati ndi dzuwa chabe, poti mvula inali isanagwe ndipo kulokeshoni kwathu kuno ku Mabvuku kunkatentha koopsa.

Ndifotokoze kaye za galu. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba zaka khumi ndi chimodzi kwa mayi wina wachizungu wokalamba kumayadi. Mayiwo anali ndi kagalu koyera, kochepa ngati mphaka, ka ubweya wautali wokhudza pansi, dzina lake Tofi. Kumupesa m'mawa uliwonse ndi kumusambitsa Loweruka inali ntchito yanga. Mayiwo atasamukira ku Joni kwa ana awo, anandisiyira galuyo pamodzi ndi chipeso chake chachitsulo. Sindinakane, chifukwa ndinamulera ndine kuyambira ali mwana.

Kwathu zinthu zinasintha. Ndinayamba kugulitsa tomato pamsika, kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Pampopi pankatha masiku osatuluka madzi, ndipo amene tinkatunga kutali anali akumwa ndi ophikira. Kusambitsa galu ndinasiya, kupesa nakonso kunayamba kudumpha masiku mpaka kunatheratu. Ubweya unapotana n'kuchita mfundo zolimba kuseri kwa makutu, m'khwapa ndi kumimba. Tofi ankayenda m'maudzu kuseri kwa nyumba, ndipo ndikafika ankadzagona pamiyendo panga monga anazolowera.

Lachinayi thupi linatentha ndipo ndinkanjenjemera masanasana. Amuna anga, a Banda, anandigulira mapiritsi a malungo kusitolo. Ndinamwa onse, koma sizinasinthe. Loweruka ndinatupa mwanabere kumwendo wamanzere. Tsiku lomwelo ndinaona kabala kakang'ono kuseri kwa bondo, kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, kofiira m'mbali. Sikankawawa, motero sindinakalabadire. Pofika Lolemba timadontho tofiira tinatuluka m'mikono mpaka m'zikhatho, ndipo chakudya chinkandikana.

Lachitatu, tsiku lachisanu ndi chinayi, ndinalephera kuimirira ndekha. A Banda anakapempha tsiku lopuma kufakitale kumene ankagwira ntchito n'kundiperekeza kukiliniki. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Namwino atandiyeza kutentha kwa thupi, analemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Za ulendo wa pabasi sindikumbukira zambiri, koma kuti ndinatsamira phewa la amuna anga njira yonse.

Kumeneko ananditenga magazi, ndipo malungo sanapezeke. Dokotala wina wachinyamata anandiyang'ana thupi lonse mosathamanga, mpaka anafika pa kabala kaja.

"Amai, kunyumba muli ndi galu kapena ng'ombe?" anafunsa m'Chishona.

Ndinati galu alipo.

"Apa panakulumani nkhupakupa. Matenda ake amafanana ndi malungo, koma mankhwala ake ndi ena. Mwachedwa nawo kwambiri."

Anandigoneka masiku asanu. Awiri oyambirira ndinali pa diripi chifukwa thupi linali litauma. Anamwino ankabwera kudzayeza kutentha kusanache bwino, kenako tiyi, kenako makapisozi, kanayi pa tsiku. Madokotala ankadutsa cha m'ma teni, ndipo nthawi yotsalayo inali yodikira alendo. Mutu unayamba kuleka tsiku lachitatu. Tsiku lomwelo ndinamaliza phala lonse m'mbale.

A Banda atabwera Lamlungu anandiuza kuti aganiza zokamutaya Tofi kutali, kunjira ya ku Ruwa. Ankanena mosakwiya, koma ndinaona kuti atsimikiza. Anali atachita mantha ndi mmene ndinadwalira. Ndinawapempha kuti adikire ndituluke. Namwino wamkulu wa muwodimo, amene ankakonza bedi loyandikana nalo, anamva nkhaniyo ndipo anati: "Baba, galuyo alibe mlandu. Mukamutaya, nkhupakupa zitsala pabwalo panu pomwepo. Mumeteni, mumusambitse ndi mankhwala, mutchetche udzu."

Nditatuluka ndinalibe mphamvu zopitira kumsika, choncho ndinayamba ndi galuyo. Ndinakhala pakhonde ndi sizasi, a Banda atamugwira. Chipeso sichinkalowa n'komwe. Mfundo iliyonse ndinkaidula pang'onopang'ono, nditaika chala pakati pa khungu ndi sizasi kuti ndisamucheke. Zinatitengera masiku atatu, chifukwa ndinkatopa msanga. Pansi pa ubweyawo tinapeza nkhupakupa zambirimbiri, zina zokhuta ngati nyemba, ndiponso zilonda ziwiri zimene sindinkazidziwa. Nkhupakupazo tinkaziponya m'chitini cha parafini, osaziphwanya ndi zala. Apa m'pamene ndinachita manyazi, poona kuti galuyo anavutika miyezi yambiri ali pamiyendo panga pomwe. A Banda sanatchulenso za ku Ruwa. Loweruka lotsatira anamunyamula okha m'dengu kupita naye kuchipatala cha ziweto, kumene anamutsuka zilonda n'kutipatsa mankhwala osungunula m'madzi osambitsira.

Ine mphamvu zinabwerera patatha pafupifupi mwezi. Papita zaka zitatu tsopano ndipo matendawo sanabwerenso. Chatsala ndi kachipsera kuseri kwa bondo. Tofi wakalamba, maso ayamba kuchita khungu, koma akudya bwino. Ubweya wake sindiulolanso kutalika, makamaka nyengo yotentha. Ndimamupesa tsiku lililonse ndisanapite kumsika, kuyambira kunsonga kulowera kukhungu, ndikufufuza m'makutu ndi pakati pa zala. Madzi akasowa, beseni limodzi limakwana.

Kwa anzanga osunga agalu a ubweya wambiri, ndikuti mukalephera kupesa, metani. Ndipo mutu ukakuwawani masiku awiri thupi likutentha, musamangomwa mapiritsi a kusitolo monga ndinachitira ine. Pitani kukiliniki, muwaonetse kabala kalikonse ngakhale kosawawa, muwauzenso kuti kunyumba kuli galu. Dokotala uja anati ndikanabwera sabata yoyamba, akanangondipatsa makapisozi n'kubwerera kwathu tsiku lomwelo.