Galu wa Bambo ndi Nambala ya Mng'ono Wanga

Mayi atamwalira, ine ndi amene ndinatsala ndi bambo kumudzi kwathu, kufupi ndi Nsaru. Ndinkawachapira, kuwaphikira ndi kuwaperekeza kuchipatala mwendo wawo ukatupa. Mng'ono wanga amagwira ntchito m'tauni, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo atanyamula buledi ndi shuga.

Tsiku lina anabwera ndi galu pampando wakumbuyo wa galimoto, wofiirira, wamakutu ogwa, wonunkhira sopo. Anati galuyo aziwachotsa bambo kusungulumwa.

"Ameneyu sangasowe, bambo," anatero mng'ono wangayo. "Adokotala a ziweto anamubaya kachipangizo pansi pa khungu, apa pakhosipa. N'kakang'ono ngati njere ya mpunga. Akasochera amamuyeza ndi makina, nambala ya foni yanga n'kutulukira."

Bambo, amene anali mphunzitsi mpaka kupuma pa ntchito, anavala magalasi n'kuyamba kupapasa khosi la galuyo mpaka atakakhudza. Anaseka kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirireni mayi. Ine ndinali pakhonde ndikuswa mtedza. Ndinaweramira m'lichero, mtima ukundiwawa, poti zaka zonse zija ine ndinalephera kuwaseketsa choncho.

Kuyambira pamenepo mlendo aliyense, kaya mkulu wa mpingo kaya wogula fodya, sankachoka asanapapase khosi la galu. "Nzeru za mwana wanga wa m'tauni uja," ankatero bambo. Koma womuphikira madeya, womuchotsa nkhupakupa m'makutu ndi kukolopa akaipitsa pakhonde ndinali ine.

Titakolola chimanga, galuyo anatsatira ngolo yopita kumsika ndipo sanabwerere. Bambo anasiya kudya. Ankangokhala pampando wawo maso ali kunjira. Ndinayenda m'madimba, kwa ozinga mbuzi, kwa akabaza, mpaka zidendene kung'ambika. Sikuti galuyo ndinkamukonda kwambiri. Ndinkafuna kuti wolowa naye pakhomo ndikhale ine.

Patapita masiku, foni yanga inalira. Anali mng'ono wanga.

"Achemwali, galu uja wapezeka ku Namitete. Kuli katemera wa chiwewe, ndiye bambo wina anabwera naye, akuti anamugula kwa munthu wodutsa. Obaya aja atamuyeza andiimbira. Mupite mukamutenge, ine ndili pamsonkhano."

Ndinapita. Galuyo anali atawonda, atamangidwa ndi luzi pamtengo, ndipo atandiona anandilumphira mpaka kundigwetsera m'fumbi. Pobwerera kondakitala wa minibasi anatikana. Tinakwera pamwamba pa lole ya matumba a chimanga, ine nditamufungata, ndipo panjira anandisanzira chitenje chonse. M'njira monse ndinkaganizira nkhope ya bambo ndi mawu amene andiuze.

Titafika, bambo anadzuka osagwira ndodo. Anamusisita galuyo, misozi ili lengelenge, kenako anatambasula dzanja.

"Ndipatse foni, ndimuthokoze m'bale wako."

Ndinawapatsa, n'kuima pomwepo ndi chitenje changa chonunkhacho.

"Mwana wanga, wamupeza uli chikhalire mu ofesi," ankatero bambo pafonipo. "Mulungu akudalitse." Atadula ananditembenukira. "Iwe, m'patse madzi, watopa ameneyu."

Ndinamupatsa madziwo, n'kupita kuseri kwa nkhokwe kukalira.

Mng'ono wanga atabweranso ndinamukokera pambali. Ndinamupempha kuti akasinthe nambala ija aikepo yanga, poti galuyo amakhala ndi ine.

"Koma achemwali, foni yanu imakhala yozima mpaka mukatchajitse kumsika. Akanaimba kwa inu akanakupezani?"

Sananene mwachipongwe, ndipo zinali zoona. Chinandipweteka kwambiri n'chimenecho. Anaonjeza kuti iye amandisirira, poti ine bambo ndimawaona tsiku lililonse pamene iye amangowamvera pafoni. Ndinkayang'ana nsapato zake zopanda fumbi.

Nambala sinasinthidwe mpaka lero. Galuyo amagona pakhomo la chipinda changa, ndipo ndikapita kumjigo amanditsatira ngakhale bambo amuitane. Dzana bambo anamuona akutsegula chitseko cha khitchini ndi mphuno, ndiye anati, "Galu ameneyu ndi wochenjera ngati mwini wake." Sindinawafunse kuti mwini wakeyo akunena ndani.