Wailesi ya Mahari Anga

Malemu amuna anga ankagula mawailesi akufa. Ndikatero iwo ankakwiya, amvekere si akufa, ndi akale. Akamva kuti kwinakwake kuli okushoni, kaya bwana wina wa kuminda ya nzimbe akubwerera kwawo, kaya banja lina ku boma likugulitsa katundu wa makolo, ankavala mkanjo woyera n'kukaima kumbuyo kwenikweni kwa gulu. Anzawo akulimbirana mafiriji ndi matiresi, iwo ankadikira zotsalira: mawailesi amatabwa, olemera zedi, oti wina sakanawatola ngakhale atawapeza pamsewu. Ankawakonza m'kashopu kawo ku Dwangwa n'kumagulitsa imodziimodzi kwa eni malo ogona alendo ndi kwa anthu a ku Lilongwe ofuna chokongoletsera pabalaza. Zaka zomalizirazi ankangojambula pafoni, wogula n'kubwera yekha pagalimoto.

Ine ogulawo sindinkawakhulupirira. Oitanira malonda pa okushoni ndiye musanene. Munthu wolankhula mothamanga choncho amakhala ali ndi chimene sakufuna kuti umve.

M'shopumo munali wailesi imodzi yosagulitsa, chifukwa inali yanga. Tsiku la ukwati wathu, shehe atafunsa za mahari, mphatso ija mwamuna amapereka n'kukhala ya mkazi payekha mpaka imfa, ine ndinatchula wailesi. Atsikana anzanga ankatchula makina osokera. Inali ya thabwa lofiirira, ndi kansalu kagolide kumaso. Ukaiyatsa inkayamba yakhala chete ngati ikuganiza, kenako mawu n'kubwera pang'onopang'ono, onenepa bwino.

Inasiya kulankhula ana athu akadali pasukulu. Amuna anga anaitengera kushopu kuti akaikonze, ndipo inakakhala pashelefu yapamwamba. Ndikafunsa, yankho linali lomwelo: kachitsulo kake sikanapezeke, tidikire okushoni ina. Ankatinso imakopa ogula, aliyense akalowa maso amathamangira pomwepo. Abale awo sindinawauzepo kuti ndi mahari anga. Sindinkafuna adziwe chimene mtima wanga uli pa icho. Shehe uja ndi mboni zonse za ukwatiwo anatsogola kalekale.

Amuna anga atamwalira ndinalowa eda. Kwathu kuno mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi ingapo, osadzola, osapita kumsika kapena kumunda, osaonana maso ndi maso ndi amuna achilendo. Inali nthawi ya mvula. Anzanga ankadutsa kuseri kwa mpanda kupita kukaoka mpunga kudambo la Bua, ine n'kumamva makasu akugundana ndi kuseka kwawo. Dziko langa linathera pachitseko cha bafa ndi pa mtengo wa mango wa m'kati mwa mpanda. Amayi oyandikana nawo ankabwera kudzandicheza, koma ndinkaona maso awo. Ankayang'ana kumapazi kwanga kuti aone ngati kuli matope a kunja.

Sadaka itangotha, kunabwera alamu anga, mng'ono wawo wa malemu. Anakhala pakhonde, ine m'kati kuseri kwa katani.

"Alamu, shopu ija eni nyumba akuifuna," anatero. "Ndapeza anthu a okushoni ku Lilongwe. Atenga mawailesi onse pamodzi, lole ibwera Lachisanu tikatuluka mumzikiti. Zikagulitsidwa tigawana monga mwa chipembedzo."

"Onse ayi. Ya pashelefu yapamwamba ndi yanga. Ndi mahari anga."

Anaseka kakuseka ka m'mphuno. "Mahari? Zaka zonsezi ife osamvako? Alamu, ija ndiye yakopa anthuwo. Ati popanda ija enawo ndi nkhuni."

"Ndiye akasonkhere moto."

"Pali amene angakuikireni umboni?"

Pansi pa katani ndinkaona nsapato zawo zokha, zatsopano, zopukuta bwino ngakhale kunali matope.

Ndinaitanitsa shehe wathu wa panopa. Naye analankhulira kuseri kwa katani komweko. Anati chipembedzo sichiletsa mkazi wa pa eda kutuluka masana ngati pali chofunika kwenikweni, ndikhoza kupita ku Dwangwa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ndinathokoza, koma sindinamumvere. Shehe ameneyu amadya mpunga kwa alamu anga. Ndinaona kale m'mene zikanathera: ine pasiteji ya minibasi, maso a tauni yonse pa ine, mawa lake n'kumveka kuti gogo uja sanathe n'komwe kulira mwamuna wake, wathamangira katundu. Zidzukulu zanga zikanakula ndi mbiri imeneyo. Mwana wanga wamwamuna ali ku Joni, ndipo pafoni anangoti, "Amayi, zisiyeni, ndidzakugulirani ina." Ina!

Panatsala munthu mmodzi, mpongozi wanga, mayi wa zidzukuluzo, amene timakhala naye mpanda umodzi. Chibwerereni pakhomo pano sindinamupatsepo kiyi wa kabati ya shuga. Lachinayi m'mawa anandipeza nditakhala pamkeka, tiyi atazizira m'kapu.

"Amayi, nditumeni ine."

"Iwe? Kuti ukagwirizane ndi alamu anga?"

"Ndikagwirizane nawo ndipatsidwe chiyani, waya? Ndiuzeni m'mene ikuonekera basi."

"Ukaigwetsa m'minibasi."

"Zidzukulu zanu zonse ndabereka kumsana kuno, ndagwetsapo ndani?"

Ndinalibe wina. Ndinamuuza za thabwa lofiirira, kansalu kagolide, ndi pangodya pamene panapsa ndi nyali mwana wanga woyamba ali wakhanda.

Tsiku limenelo ndinalizungulira bwalo la m'kati mwa mpanda mpaka mapazi kuwawa. Minibasi iliyonse ikaima kumsewu ndinkafika pachipata, dzanja pachitseko, osatsegula. M'mutu mwanga ndinali nditamuona kale akutsika ku Dwangwa, akunong'onezana ndi alamu, akubwera ndi nkhani yoti anaipeza itapita.

Anafika chakumasana, wailesi ili pamutu, ataikulunga m'chitenje chifukwa cha mvula. Anali akuseka asanalowe n'komwe.

"Amayi, kunali nkhondo! Bambo aang'ono amvekere siituluka muno. Ine ndangoitsitsa n'kuikhalira. Ndati munyamule ndi ine ndemwe, mukandigulitse ku Lilongweko, tione amene andigule. Anthu a mashopu oyandikana adzaza pakhomo, wogulitsa nsomba wina amvekere ine ndiyamba ndi mtengo wa usipa! Manyazi awagwira, angoti tengani zanuzo."

Ndinafuna kuseka nawo. Koma ndinaona m'mene anaitulira. Anaitula yekha, mosavuta, ngati dengu la masamba. Wailesi imeneyo kale ankainyamula amuna awiri.

Ndinamuuza kuti akasinthe zovala zonyowazo. Atatuluka ndinaitembenuza, n'kuyamba kumasula timabawuti takumbuyo ndi nsonga ya mpeni. Mtima unali utagamula kale mlandu: kaya ndi alamu achotsa zam'kati usiku wathawu, kaya ndi mpongozi yemweyu wapatukira kwa wokonza mawailesi panjira. Koma timabawutito tinali titachita dzimbiri, tolimba, moti kamodzi kanathyola nsonga ya mpeni. Palibe amene anatikhudza chaka chino, ngakhale chatha.

Thabwa lakumbuyo litachoka, m'katimo munali mopanda kanthu. Mababu ake, mawaya, sipika, zonse kulibe. Munali fumbi lokhuthala ndi tizisa tadothi ta mavu, touma, tina tomangidwa pamwamba pa tinzake. Pamene panali sipika panatsala chizindikiro chozungulira pathabwa, ndipo mawaya anadulidwa bwinobwino, mofanana, m'mene ankadulira munthu mmodzi yekha amene ndimamudziwa. Ndinakumbukira m'mene ankakonzera mawailesi a ku okushoni: kuchotsa cha uyu kuika mwa uyo. Mahari anga anapita kachidutswakachidutswa, ndipo lero akulankhula m'mabalaza a anthu amene sindidzawaona.

Ukakwiyira wamoyo umamuitana n'kumufunsa. Ine ndinali pa eda ya munthu ameneyu, nditavala zosakongola chifukwa cha iye, ndikumupempherera chikhululuko m'mapemphero anga onse, ndipo miyezi inali ikadalipo.

Ndinamva mapazi a mpongozi, ndinabwezera thabwa msangamsanga.

"Tiiyatse, amayi? Ana amve m'mene inkalirira."

"Ikufunika batire lake lapadera. Masiku ano silipezeka."

Anaima pakhomo akumanga mpango. Sanayang'ane wailesi, anayang'ana mpeni wothyoka uli pamkeka.

"Amayi, ndaisenza ndine kuchokera kumsewu," anatero motsitsa mawu. "Bambo aang'ono sanaikhudze. Sakudziwa."

"Ndiye asadziwe."

"Sindinena."

Kuyambira tsiku limenelo pali munthu mmodzi pakhomo pano wodziwa chimene amuna anga anandichita, ndipo ndimadzuka tsiku lililonse n'kumamuyang'ana pakamwa akamacheza ndi anzake pachitsime. Mpaka lero sindinamve kanthu, koma masiku akadalipo.

Lachisanu lole ya okushoni inadutsa kumsewu kulowera cha kummwera. Ndinaimva ndili m'chipinda, ndikukankhira bokosi lija kuseri kwa bedi, kumene alendo safika.