Mkono Umene Ndinautaya pa Njerwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, m'kalasi yomaliza ya pulayimale m'komboni ya Matero, pamene anthu anayamba kunditcha Mfuti. Dzinalo linachokera ku mkono wanga wamanja.

Pasukulu pathu panafika mphunzitsi wina, a Mwanza, amene anakulira kumigodi. Anabwera ndi thumba la mipira yolimba ngati mwala, zibonga ziwiri ndi magolovesi akutha. Masewerawo ankawatcha besibolo. Wina amaponya mpira, wina amayesa kuumenya ndi chibonga. Akaphonya katatu, watuluka. Ine ndinali woponya. Mpira wanga unkalira m'golovesi ngati chikoti, ndipo amayi ogulitsa vitumbuwa kumpanda ankasiya mabeseni awo kudzaonerera. Woponya wachiwiri anali Yusufu, mwana wa telala wochokera ku Malawi amene ankasoka pakhonde pafupi ndi msika. Yusufu analibe mphamvu. Ndinkamuseka poyera.

A Mwanza anali ndi lamulo limodzi. Ukaponya lero, mawa mkono upume. Osanyamula kanthu, osagenda ngakhale galu. Ukulunge chigongono ndi nsalu yonyowa, ukhale pansi.

Kukhala pansi, m'komboni! Amene sanakulireko sangamvetse. Kwathu mnyamata wokhala pansi dzuwa lili paliwombo ankayesedwa wodwala kapena mbala. Koma Yusufu ankakhala ndithu pakhonde la bambo ake, nsalu ili pamkono, alongo ake akudutsa ndi zigubu za madzi pamutu. Anyamata ankamukuwiza: "Ba Yusufu, mwabala liti? Mwana ni mwamuna olo mukazi?" Iye ankangoyang'ana makina osokera. Ine nsalu yanga inkakhala m'thumba, youma.

Tsiku lina a Mwanza anatiuza kuti Loweruka kubwera anthu odzasankha anyamata a timu ya mzinda, ndipo woponya amene asankhidwe apatsidwa malo kusekondale. Mutu wanga sukanandifikitsa kumeneko, ndinkadziwa. Mkono wokha ndiwo ukanatero. Lachinayi ndinaponya masana onse mpaka chigongono chinatentha. Lachisanu m'mawa, kwa nthawi yoyamba, ndinanyowetsa nsalu ija n'kukhala kuseri kwa nyumba.

Ndinkaleredwa ndi amalume, a Daka, mmisiri womanga nyumba. Sabata imeneyo ankamaliza khoma lalitali kukomboni ina, ya George. Pantchito yotere njerwa zimakwera mochita kuponya: wina pansi, wina pathabwa kumwamba akuwakha. Woponya njerwa wawo sanabwere tsikulo. Amalume anandiona ndi nsalu, anaima pang'ono, nati, "Nkala chabe, mwana. Ba ticha banakamba." Sanandikakamize. Zimenezi ndikufuna zidziwike.

Koma anali ndi mnzawo wokandira matope, munthu wa pakamwa. Anakweza mawu kuti atsikana a pampopi amve.

"Ba Daka, uyu ndiye Mfuti uja? Mfuti yovala chitenge? Mupaseni na phala, nchembele ifunika kudya!"

Pampopi panaphulika chiseko. Makutu anga anatentha kuposa chigongono. Ndinataya nsalu m'matope n'kutsatira amalume kukhomako.

Njerwa imaponyedwa ndi manja awiri, kuchokera pansi pa mawondo, mofatsa. Ine ndinaima patali, n'kumaponya ndi dzanja limodzi kuchokera paphewa, ngati mpira. Ana anasonkhana, akuwerengera mokuwa. Wokandira matope uja anasiya fosholo, akuomba m'manja. Amalume anakalipa ali kumwamba: "Iwe, manja yabili! Si bola iyi!" Ndinachita ngati sindinamve. Khomalo linatha dzuwa lisanapendeke.

Loweruka bwalo linadzaza. Alendo aja anakhala pamipando pansi pa mtengo. Amalume anavala jekete lawo la kutchalitchi. Mpira woyamba unalira bwino, ndipo mmodzi wa alendowo anagwedeza mutu. Nditaponya wotsatira ndinamva chinthu chikuduka mkati mwa chigongono, ngati ulusi wa telala. Mpirawo unagwera pakati pa njira n'kugubuduka pafumbi mpaka pamapazi a womenya. Palibe anaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

A Mwanza anabwera, natambasula dzanja langa. Chikhatho chinali chosupuka, ndipo m'zikhadabo munali fumbi lofiira.

"Njerwa?" anafunsa.

Ndinabweza dzanja langa. Anatola mpira, naupukuta pabuluku, naupereka kwa Yusufu.

Yusufu anaponya monga mwa masiku onse, mosafulumira, mpira uliwonse pamalo pake. Anasankhidwa. Anapita kusekondale, anaponya zaka zambiri, ndipo mpaka lero amaphunzitsa ana masewerawo Loweruka. Tikakumana amandipatsa moni ndi manja awiri. Sanatchulepo za tsikulo, ndipo ulemu umenewo umandilemera kuposa chitonzo.

Mkono wanga sunawongokenso. Sukulu inathera pomwepo. Zomanga zinandikanika, choncho moyo wanga wonse ndagwira ulonda, ntchito yokhala pampando pachipata anthu akudutsa. Sindinabepo, sindinapemphepo. Ana anga ndinawalera ndi mpando umenewo.

Chimene sindinachizolowere ndi kumanda. Kwathu bokosi likatsika, amuna amalandirana fosholo, aliyense kuponyako dothi. Ine ndimaima kumbuyo, manja kumsana. Pamaliro a amalume, munthu amene anandiuza kuti ndikhale, fosholo inafika kwa ine. Ndinayesa. Dothi linakhutukira pansapato zanga, ndipo mnyamata wina anandilanda mwaulemu, nati, "Pumulani, ba shikulu," ngati akuuza gogo wotheratu.

Ndinakana kupuma tsiku limodzi poopa chiseko cha atsikana a pampopi, amene lero sindikumbukira ngakhale nkhope zawo. Yusufu anasenza manyazi ake pakhonde, n'kuwatula. Anga ndinawathawa, ndipo anandipeza ndi fosholo m'manja.