Magalasi a Agogo a Pansi

Magalasi aja analibe mphamvu. Ndinawavalapo kamodzi mwakabisira, ndipo chilichonse chinangooneka monga mwa masiku onse. Anali akuda, ochindikala, mwendo umodzi womata ndi guluu, ndipo ankakhala m'kachitini ka mabisiketi pamodzi ndi ndevu zomatika. Koma mwini wake akangowaika pamphuno, ine mkodzo unkandigwira pompo.

Mwini wakeyo tinkangoti agogo a pansi, poti ankakhala m'fuleti ya pansi pa yathu ku Balbriggan, tauni ya ku Ireland. Anali mzungu wa ku America, wamtali, wowerama, wonunkhira khofi ndi mafuta opaka mawondo. Ntchito yawo inali yochita mafilimu, ngakhale sindinaonepo munthu akuwaimitsa mumsewu. Anachoka kwawo ali mnyamata ataona kuti nkhope ngati yawo kumeneko zinali mbwee, pomwe ku Ulaya aliyense wopanga filimu ankasowa Mmereka mmodzi woti avale yunifolomu, akalipe, kenako awomberedwe. Anazungulira Italy, Spain, Germany, mpaka ukalamba unawapezera ku Ireland. Anakhalapo wapolisi, msilikali, mlonda wa ndende, koma dzina lawo linkatuluka kumapeto kwenikweni, anthu atadzuka kale m'mipando.

Ankandionetsa mafilimuwo pa TV yawo. "Uyo ndine," ankatero m'Chingerezi chawo cha m'mphuno. "Usaphethire, ndifa pompano." Nditafunsa ngati mayi wina wolira pambali pawo anali mkazi wawo, anaseka nati anali mkazi wawo kwa masiku awiri okha. Akagwa pa TV paja, ine ndinkaomba m'manja, iwo n'kuweramitsa mutu ali pampando. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti sewero likatha, munthu waulemu amaomba m'manja.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndi amayi tinkagona m'chipinda chimodzi kwa amalume, omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Nyengo yozizira itangoyamba, kunabwera kalata ya boma. Pempho la amayi loti tikhale m'dziko muno linali litakanidwa, ati nkhani yawo inali yosamveka. Panatsala mwayi umodzi wokha, apilo. Ine anangondiuza kuti amayi ali ndi mayeso, ndipo akalephera tikwera ndege yobwerera kwathu.

"Achemwali, munawauza chani ku interview kuja?" anafunsa amalume, kalata ili m'manja.

"Ndinawauza kuti tinkasemphana pang'ono pakhomo."

"Pang'ono? Six weeks yatsala, inu mukuti pang'ono?"

Amalume ndiwo anatsikira kwa agogo a pansi kukapempha thandizo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndikuvomereza, kungoti amaiwala kunena kuti kalumoko kamacheka. Anagwirizana kuti tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu, amayi azitsika kukafunsidwa mafunso ngati momwe akawafunsire ku apilo. Panalibe wondisiyira, choncho ndinkatsika nawo. Pamasitepe amayi anandigwira phewa. "Ndi sewero chabe, wamva? Zonse uzimve m'menemo n'zopeka, ngati za pa TV zija."

Pofika folo koloko kunja kunali kutada kale. Ndinkakhala pansi pa zenera ndi makrayoni, mvula ikukanda galasi, paipi yotenthetsa m'nyumba ikulira kuti tha, tha, tha. Agogo ankatipatsa tiyi, kuseka nafe, kenako n'kutsegula kachitini. Magalasi akafika pamphuno, msana unkawongoka, mawu n'kuuma gwa. Ankagogoda tebulo ndi cholembera. Linali tsiku lanji? Dzanja liti? Bwanji simunathawe kale? Dzulo munati kukhitchini, lero mukuti pakhonde, zoona ndi ziti?

Amayi ankayang'ana pansi, manja ali pamiyendo, n'kumaseka pang'ono. Lero ndimadziwa kuti ankachita zomwe analeredwa nazo. Kwathu mkazi waulemu satong'olera maso munthu wamkulu, ndipo za m'nyumba sazivundukula pamaso pa mlendo, amazichepetsa, n'kuphimba ndi kaphwete. Kuno ulemu womwewo amautenga ngati chizindikiro cha bodza. Agogo anaziona tsiku loyamba lomwe, poti moyo wawo wonse ankadyera kudziwa zimene nkhope imanena.

"Look at me," ankatero. Mawu atatuwo ndinkawamva ngakhale kutulo.

Masabata anapita, amayi osadzutsa mutu. Anasiya kudya, siketi inayamba kuzungulira m'chiuno. Tikakwera kwathu ankatsekera m'bafa n'kutsegula mpopi kwa nthawi yaitali. Agogowo ndinadana nawo, ndikunena mosabisa. Kutatsala masiku anayi, ndinaba magalasi aja n'kuwabisa m'chikwama cha kusukulu.

Tsiku limenelo sewero linakanika. Agogo anafufuza pansi pa mipando, kenako anayesa popanda magalasi, koma funso lililonse linkatuluka lofewa, lopepesa. Mapeto ake anatambasula manja nati popanda magalasiwo iwo ndi nkhalamba chabe yokonda anthu a pamwamba. Ine mtima unali mbee, ndimvekere ndawapulumutsa amayi. Koma amayi anangondiyang'ana kamodzi. Sanandikalipire. Anagwada kuti maso athu alingane.

"Bweza, mama. Ukufuna tikwere ndege?"

Ndinabweza ndikulira.

Madzulo omaliza, mawa lake kuli apilo, agogo anafunsa mafunso onse akale, amayi akuyankhira pansi monga kale. Cholembera chinasiya kugogoda. Kenako anafunsa funso lomwe anali asanafunsepo.

"Nanga mwanayo anali kuti?"

Amayi anadzutsa mutu. Anawayang'ana agogo m'maso momwe, n'kupinda mkono wa juzi kufika pachigongono. Chipsera chija ndinkachidziwa, anandiuza kalekale kuti anapsa ndi mafuta akukazinga mandasi. Koma m'seweromo chinali cha simbi yositira. M'seweromo munali mwamuna wotchuka m'tauni, amene aliyense ankamuopa, amene anakiya chitseko n'kuika kiyi m'thumba. Munalinso kamwana kamene mayi ake anakakankhira pansi pa bedi n'kukauza kuti katseke maso. Amayi analankhula osapuma, misozi ikutsikira m'khosi, osaipukuta. Chingerezi chitawathera anapitiriza m'Chichewa, ndipo agogo, omwe sankadziwa ngakhale moni, sanawadule.

Atamaliza, ine ndinadziwa kuti sewero latha. Ndinaika makrayoni pansi, n'kuimirira, n'kuomba m'manja mwamphamvu zanga zonse.

"Amayi mwakhoza! You did it!"

Agogo sanaweramitse mutu monga ankachitira. Anavula magalasi n'kutembenukira kukhoma. Ndinadabwa, ndimvekere achita nsanje poti amayi awaposa. Amayi anatsitsa mkono wa juzi, anapukuta kumaso, nandimwetulira. "Zikomo, mama," anatero.

M'mawa mwake amayi anakwera sitima ya ku Dublin ndi amalume. Yankho linachedwa miyezi, koma ndege ija sitinaikwere. Agogo anachitanso filimu imodzi yokha, ya nkhalamba yogona m'chipatala, yosalankhula kanthu. Atamwalira, kachitini kaja kanabwera kwathu, ndipo magalasi ali m'dirowa yanga mpaka lero. Mafilimu awo ndinawafufuza nditakula. Ambiri ndi oipa, sindinama, ndipo mwa onsewo mulibe mmene anachita bwino ngati m'chipinda chija, momwe woonera ndinali ine ndekha.

Koma chimene chimandiswa mtima si kuomba m'manja kuja ayi. Ndi zimene ndinanena pamasitepe tikukwera kwathu madzulo amenewo. Ndinkadumpha masitepe awiriawiri, wosangalala kuti amayi akhoza mayeso, ndipo ndinaganiza kuti sewero labwino chonchi likusowa munthu mmodzi.

"Amayi, kamwana ka pansi pa bedi kaja adzakhale ndani? Ndingakhale ine?"

Amayi anaima, dzanja lili pachitsulo cha masitepe. Anandifinya zala mpaka zinapweteka, kenako anapitiriza kukwera, ndipo ine ndinakwiya kuti andimana. Sindinkadziwa kuti mbali imeneyo ndinali nditaichita kale, ndili ndi zaka zitatu, nditatseka maso monga anandiuzira.